Malalanje a Seputembala ndinawathyola mu Juni

Mpaka lero ndikamva fungo la nachesi losendedwa pamsika, ndimapatuka ngati munthu amene waona apongozi ake panjira. Anzanga a ku ofesi amati ndimadana ndi zipatso. Ayi ndithu. Ndinawalakwira Bambo anga, ndipo mboni yake ndi mtengo umene ulipobe kudimba kwathu.

Bambo anali mlimi wa fodya cha ku Bowe, koma chimene ankanyadira kwenikweni ndi mitengo yawo ya zipatso. Kalendala analibe nayo ntchito. Manachesi a kuseri kwa chigafa ndiwo ankayamba kupsa mvula ikatha, ndipo mtengo waukulu wa malalanje wa kudimba unkatsirizira mu Seputembala, kunja kutayamba kutentha. Ankandiuza zimenezi chaka ndi chaka. Ine ndinkangovomera ndi mutu (munthu wa sukulu ngati ine, kuloweza za mitengo?), kenako ndinapita ku Lilongwe kukavala tayi.

Chaka chimenecho, kumayambiriro kwa Juni, Bambo anagonekedwa ku chipatala cha mishoni, Amayi akuwadwazika. Ndinafika Loweruka n'kuwapeza ataonda moti wotchi inkangozungulira pamkono. Chakudya ankakana. Ndinawayalira zakumwa za m'mabotolo zimene ndinagula m'tauni, iwo anangoziyang'ana n'kutembenukira kwa ine.

"Mwanawe, pakamwa panga pakufuna chinthu chimodzi basi. Ukandithyolere manachesi a kuseri kwa chigafa, pano apsa. Malalanje a kudimba aja usawakhudze. Amenewo ndikathyola ndekha mu Seputembala ndikatuluka muno."

Mwamva inunso mmene ananenera momveka bwino. Palibe chimene ndingabisalepo.

Lamulungu m'mawa ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto ya kabaza, mpaka kumudzi. Pakhomo panalibe munthu. Ndinapita kuseri kwa chigafa n'kupeza timanachesi tobiriwira ngati masamba ake omwe, makungu okhakhala, tosapatsa n'komwe chilakolako. Ndinati kaya nditsikeko kudimba, ndikangoona. Abale anga, malalanje ake! Achikasu, aakulu ngati nkhonya, nthambi mpaka kuwerama.

Apa ndi pamene nzeru za m'tauni zinandigwira. Ndinadziuza kuti Bambo agona nthawi yaitali, miyezi yawasokonekera. Ine ndili ndi maso awiri abwinobwino, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti chakupsa chimakhala chachikasu. Ndingapite bwanji ndi tinthu tobiriwira kwa munthu wodwala? Kulawa sindinalawe ayi (ndinavala malaya oyera, ndinkaopa kudonthezera).

Ndinakwera mumtengo ndi nsapato za ku ofesi. Minga inandilandira bwino, ndipo buluku linang'ambika malo amene sinditchula. Ndili m'mwambamo ndinaganiza kuti poti ndavutika kale, ndidzaze thumba lonse ndikagawire wodi yonse, anthu adziwe kuti mdalayu anabereka mwana. Ndinathyola, ndinagwedeza, otsala ndinawagwetsa ndi nsungwi. Anapulumuka ndi ochepa okha a pansonga, kumene nsungwi sinafike.

Kuchipatala ndinalowa ngati phungu pa kampeni, jekete nditamanga m'chiuno kubisa ngozi ya buluku. Bedi lililonse awiriawiri. Anthu anathokoza, anasenda, anaika m'kamwa. Ndinaona nkhope zikufinyika imodziimodzi, mpaka gogo wina wa pabedi loyandikana ndi Bambo anapukuta misozi n'kundifunsa mwaulemu ndithu ngati awa sanali mandimu ovala suti. Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Amayi anayang'ana thumba, anayang'ana ine, n'kuphimba kukamwa ndi chitenje. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Bambo sanaseke. Anatenga lalanje limodzi, analitembenuza m'manja, analinunkhiza.

"Wathyola onse?"

Ndinayankha chapansipansi kuti atsala pang'ono pansonga. Kenako anapempha Amayi kuti awasendere. Amayi anakana, koma iwo anaumirira. Anaika kachidutswa m'kamwa, tsaya linanjenjemera, maso anadzaza misozi, koma anameza.

"Akadali ana awa. Kuzizira kumawapaka utoto msanga, koma kutsekemera kumabwera ndi dzuwa. Basi, palibe kanthu. Ndalawako za pamunda panga."

Bola akanandikalipira. Ndinamva manyazi ndi chisoni chimene sindinamvepo chibadwire, ndipo ndinalonjeza kuti manachesi aja ndibwera nawo Loweruka likudzalo, poti Lolemba ndimayenera kukhala ku ntchito. Amayi anandiperekeza mpaka pachipata n'kundifunsa ngati sindingapemphe tsiku limodzi ku ofesiko. Ndinawauza kuti asadandaule, Loweruka si patali (ndinali ndidakali katswiri wa masiku ndi miyezi, mukuona).

Bambo anatisiya Lachinayi.

Pamaliro anthu anathyola manachesi a kuseri kwa chigafa aja. Bwalo lonse linadzaza makoko obiriwira, ndipo fungo lake linali paliponse, ngakhale pamene tinkanyamula bokosi. Ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti manachesi okoma chonchi sanawadyepo. Wina anandipatsa limodzi kuti ndinyowetse kukhosi. Ndinangoliika m'thumba la jekete, ndipo linaumira momwemo.

Mu Seputembala ndinapita kukaona Amayi. Titapatsana moni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale, muli malalanje anayi, a pansonga aja. Anati anawadikirira mpaka tsiku limene mwiniwake akanawathyola. Sananditchulire za thumba lija, ngakhale mawu amodzi. Anangondikankhira mbale.

"Apsa tsopano. Senda, udyere bambo ako."

Ndinasenda. Linali lotsekemera moti ndinalephera kumeza, ndipo ndinalira ngati mwana, madzi ake akuyenderera m'zala mpaka pa malaya oyera. Sindinapukute.

Mukafuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu, miyezi ija ndinailoweza. Mundidzutse pa tulo, ndikuuzani mtengo umene umayamba kupsa ndi umene umatsirizira, osalakwitsa ngakhale sabata. Kungoti amene ankafuna kuti ndidziwe zimenezi sadzandifunsanso.