Pampu Yomwe Inachita Chipongwe kwa Apongozi Anga

Mpaka lero ndikamadutsa pachigayo ku Zemba anthu amandifunsa kuti, "Aphunzitsi, pampu ija yadzuka bwanji?" Ndimaseka nawo, koma nkhaniyi inatsala pang'ono kundisenzetsa chikwama kubwerera kwathu.

Ine ndine mkamwini. Ndimaphunzitsa makompyuta ku boma la Chadiza, koma ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, amake Chisomo. Mkamwini aliyense amafuna poonekera: ena amamanga nkhokwe, ena amazula zitsa. Ine khasu limanditulutsa matuza, ndiye ndinati ndionetse mphamvu pa zomwe ndimadziwa. Apongozi anga aakazi ali ndi dimba la matimati kutali ndi mudzi, ndipo miyendo inali itayamba kuwavuta. Ndinalumikiza kachipangizo ku pampu yawo ya sola kuti azingotumiza uthenga pafoni, madzi n'kutseguka okha.

Kuti pampu izimva uthenga, ndinatenga laibulale yaulere ya mapulogalamu n'kupanga zinthu ziwiri. Choyamba ndi lekisa, yomwe imadula uthenga kukhala mawu amodziamodzi, ngati kuswa mtedza. Chachiwiri ndi pasa, yomwe imaona ngati mawuwo atsatana mwa malamulo amene ndaipatsa. Malamulo anga anali achidule: "tsegula madzi", "tseka madzi", basi. China chilichonse izikana. Pa mawu okanirawo ndinalemba zomwe ndinkadziuza ndekha ndikalakwitsa poyesa: "Zopanda mutu. Yambiranso." (Ndinati ndisintha mawa. Mawa lake silinafike.) M'kachipangizomo ndinaikamo simu khadi yanga yakale, yomwe mufoni ya apongozi inalembedwa kuti "Bambo a Chisomo".

Kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Choncho malangizo anadzera mwa mkazi wanga, yemwe anangoti, "Mukafuna madzi, lembani kunambala yakale ija ya bambo a Chisomo."

M'mawa wina wa Okutobala, ine ndili m'kalasi, apongozi analemba kuti: "Mwadzuka bwanji bambo a Chisomo? Ife tadzuka. Ngati mungathe mutitsegulireko madzi, matimati ayamba kufota." Lekisa inakumana ndi "mwadzuka" n'kusowa poika. Yankho linapita: "Zopanda mutu. Yambiranso."

Apongozi, poganiza kuti moni waperewera, anayambiransodi, nafunsa za kuntchito ndi za makolo anga ku Mlolo. Yankho lomwelo. Kenako anapepesa ngati pali chomwe anandilakwira. Pampu, yopanda manyazi, inabwereza.

Masana ndikutsika njinga ndinapeza ankhoswe akhala pansi pa mtengo wa mango, atsibweni a mkazi wanga atagwira foni ya apongozi ngati nkhuku yobedwa. Mkazi wanga maso ali psuu. Ndinachita mantha zedi.

"Bambo," anayamba atsibweni, "munthu amene anakupatsani mwana wake ndi malo omangapo, lero akulankhula zopanda mutu?"

"Si ine, atsibweni. Ndi pampu."

"Pampu ili ndi dzina lanu?"

"Ayi, kungoti simu khadi..."

"Chabwino. Nanga chipongwecho inaphunzira kwa yani?"

Apa anandigwira, chifukwa mawuwo ndinalemba ndine.

Ndinapempha kuti tonse tipite kudimba. Matimati anali atazyolika ngati ine ndemwe. Ndinalemba pafoni ya apongozi kuti "tsegula madzi", madzi n'kuyamba kuthovoka. Ndinatembenuka kudikira kuti andiwombere m'manja (inde, ndinali ndisanaphunzirebe). Apongozi, ataima patali akuyang'ana kumbali, anauza mwana wawo kuti, "Uwauze amuna akowo, ine sindilamula munthu ndisanamupatse moni. Kuli bwino matimatiwo aume."

Loweruka lonse ndinakhalira kuilanga mwambo pampu ija. Lekisa ndinaiphunzitsa mawu a moni. Pasa ndinaipatsa lamulo latsopano: moni kaye, iyankhe mwaulemu, kenako pempho, kaya ndi "tsegulani" kaya "mutitsegulireko". Zikaivuta izinena kuti, "Pepani amayi, ndikafunse kaye," n'kutumiza uthengawo kufoni yanga. Nkhuku yopepesera ndinapereka ndekha, pampu sinasonkheko.

Matimati anapulumuka. Masiku ano apongozi amacheza ndi pampu m'mawa uliwonse, ndipo amauza anzawo kutchalitchi kuti ili ndi khalidwe kuposa mphunzitsi wake. Sindikutsutsa.

Sabata yatha foni yanga inalira ndili m'kalasi: pasa yalephera uthenga wina. Unali wakuti, "Mwadzuka bwanji? Madzi lero ayi. Mungowauza bambo a Chisomo kuti dengu loyamba la matimati ndi lawo, asachite manyazi." Ndinatuluka panja kuti ana asukulu asaone mphunzitsi wawo akupukuta m'maso, chifukwa chikwatirireni apongozi anali asanandiuzepo mawu otere.

Ndikanatha kuwonjezera lamulo loti pasa izimva mauthenga amtunduwu n'kumayankha yokha, ndi ntchito yaing'ono. Koma vuto limeneli lokha sindidzalikonza.