Ndibwezereni Ukali wa Bambo Zobel

Chipinda 214,
Nyumba ya Ophunzira Akunja,
moyang'anizana ndi mabini.

Kwa Olemekezeka Mayi Pulofesa Dokotala Dokotala, Mkulu wa Ofesi Yosamalira Ophunzira Akunja,

Mayi, ngati ndasiyako udokotala wina pamwambapa mundikhululukire, ndangokopera zolembedwa pachitseko chanu. Pachitsekopo ndafikapo kanayi, koma mumalandira anthu Lachiwiri lokha kuyambira 10 koloko mpaka 11 koloko, nthawi imene inu nomwe munatiikira kalasi. N'chifukwa chake kalatayi ndaimata pakhomo la holo yodyera, pomwe mumadutsa pokatenga soseji yanu.

Ndine Felisberto Nhantumbo wa ku Maxixe, m'dziko la Mozambique. Ndakhala kuno ku Jeremani miyezi isanu ndi inayi ndikunola Chijeremani changa kuti ndiyambe maphunziro a uinjiniya. Kwatsala masabata atatu kuti ndikaime pamaso pa aphunzitsi pa mayeso olankhula. Ndikalephera, malo anga apita, chiphaso chokhalira kuno chitha, ndipo ndikatsikira kwathu komwe amayi anga anauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo amalota m'Chijeremani. Madzi afika m'khosi, komabe ndiyambe ndi kuthokoza, poti ndinaleredwa bwino.

Choyamba, zikomo pondiika m'nyumba momwe simugona Mjeremani ngakhale mmodzi. Munaganiza mwakuya kuti alendofe tikhale patokha, tisavutitse eni dziko. Pano ndimatha kutukwana m'Chikoreya, komanso ndimadziwa kufunsa m'Chiarabu kuti wadya mazira anga ndani. Zimenezi m'kabuku kanu kokongola kotiitanira kuno kaja simunalonjeze, mwangotipatsa ngati basela.

Chachiwiri, mundithokozereko anthu a m'tauni muno chifukwa cha mtima wawo wachifundo. Ndimakonza chiganizo changa kuyambira pokwerera basi mpaka kogulitsa buledi, koma ndikangoti "Ndikufuna," mayi wogulitsa wandimvera kale chisoni, wayankha m'Chingerezi. Dalaivala wa basi, Chingerezi. Dokotala wa mano, Chingerezi, ine kukamwa kuli yasa moti sindingatsutse. Malte, wophunzira wachijeremani amene ofesi yanu inandipatsa kuti ndiziyeserera naye kulankhula, anandiuza tsiku loyamba kuti, "Amwene, Chijeremani n'chotopetsa, ngakhale ineyo chimandipweteketsa mutu, tiyeni tizingocheza m'Chingerezi." Malteyo wakhoza mayeso ake a Chingerezi mwezi watha, ndipo anandigulira keke. Kwathu timalankhula Chipwitikizi, Mayi. Chingerezi ndachidziwira konkuno, ndipo aliyense akuti ndikupita patsogolo.

Chachitatu ndiye chandilembetsa kalatayi, ndipo ndi nkhani ya Bambo Zobel, woyang'anira nyumba yathu, aja a jekete lotuwa ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Sabata yanga yoyamba, ndisanadziwe kuti kuno chinyalala chilichonse chili ndi potayira pake, ndinaponya kachitini ka yogati mu bini ya mapepala. Pasanathe ola anali pakhomo panga, kachitiniko atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "A Nhantumbo, kodi ichi ndi pepala? Tandiyang'anani! Ndi pepala limeneli? Chivundikiro pachokha, kachitini m'thumba lachikasu la mapulasitiki! Zaka makumi atatu ndili pano, uve wotere sindinauonepo!" Anapitiriza mphindi makumi awiri osapuma, zonse m'Chijeremani chenicheni, chamafuta. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Iwo ankayesa ndikulapa, koma ine ndinali ndi chimwemwe, chifukwa anali munthu woyamba kuno kundiona ngati wamkulu wotha kumva. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine tsiku limenelo ndinapeza mphunzitsi.

Ndikuulula, Mayi, kuti kuyambira pamenepo ndinkalakwa mwadala, komanso mwadongosolo monga mumakondera kuno. Lolemba ndinkaika makoko a nthochi m'thumba lachikasu, n'kuphunzira mayina a zinthu zowola. Lachitatu botolo lobiriwira linkalowa mu bini ya mabotolo oyera, n'kuphunzira mitundu. Lachisanu ndinkaimika njinga panjira yothawira moto, ndipo pamenepo pankatuluka mawu akuluakulu a zamalamulo. Tsono Lamlungu, tsiku limene phokoso ndi loletsedwa ndipo ngakhale ntchentche imauluka monyang'ama, ndinkayatsa makina ochapira. Amenewo anali maphunziro apamwamba a ola lathunthu, ndi kubwereza za sabata yonse. Bambo Zobel akangotembenuka ndinkathamangira kukalemba, moti makope awiri anadzaza.

Zipatso zinaoneka. M'kalasi aphunzitsi anandipatsa chithunzi cha banja likudya pa kapinga kuti ndichifotokoze. Ndinalikalipira banjalo mphindi zisanu chifukwa chosakaniza mapepala ndi mafupa a nkhuku, ndinatchulanso ndime ya lamulo limene laphwanya. Aphunzitsi anati sanamvepo mlendo akulankhula mosadodoma chonchi.

Ndiye kunabwera fomu yanu ija ya masamba asanu ndi limodzi, yofunsa mmene tikukhalira. Pa funso loti titchule wantchito amene sitidzamuiwala, ndinalemba monyadira kuti Bambo Zobel amandikalipira kanayi pa sabata, mokweza, osaphonya. Ndinkayesa muwapatsa mendulo. Koma ofesi yanu, imene inatenga miyezi inayi kuti ikonze shawa yathu, inakhala pansi sabata yomweyo, n'kuwatumiza ku maphunziro a Chingerezi ndi a kalandiridwe ka alendo mwansangala. Changu chotere ndi chosowa, ndikuomba m'manja.

Dzulo ndinaponya chitini cha nsomba, mafuta ali momwemo, mu bini ya mapepala, n'kuima pambali ndi kope langa. Bambo Zobel anabwera, anachiyang'ana, nkhope inafiira ngati phwetekere, mtsempha wa pakhosi unatupa. Ndinati lero ndiye lero. Anatseka maso, anawerenga mpaka khumi monga munawaphunzitsira, anatulutsa okha chitinicho, n'kundimwetulira. Kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene waponda msomali m'tchalitchi. Kenako anati, m'Chingerezi, "Palibe vuto, bwenzi langa, tsiku labwino."

Munthu uja mukumupha, Mayi, ndipo zikundiwawa kwambiri. Waonda, makiyi aja akumulemera. Masana ndinamupeza kuseri kwa mabini akukalipira nkhunda motsitsa mawu, m'Chijeremani chokoma ngati kale. Ndinayandikira monyang'ama kuti nditoleko mawu awiri atatu, koma atangondiona anapepesa nkhundayo m'Chingerezi. Taonani pomwe ndafika: ndikuchitira nsanje nkhunda.

Tsono ndagwira mwendo wanu. Sindikupempha chipinda china, kapena mnzanga wina m'malo mwa Malte, amene ali ndi mayeso enanso a Chingerezi ndipo akundidalira. Ndikupempha kuti Bambo Zobel muwapumitse ku maphunziro a ulemuwo kwa masabata atatu okha, muwamasule pakamwa, andikalipire mpaka tsiku la mayeso. Ndikakhoza, mudzawabwezere kukamwetulira ngati chikumbumtima chanu chikulola.

Ngati pempholi lifunika fomu, ndipo ndikudziwa kuti lifunika, ndiye kuti yankho lidzandipeza ndili kale ku Maxixe. Choncho ndakonza njira yoti isakutopetseni. Ndamva kuti mumakhala pafupi ndi mabini a mabotolo a ku Msewu wa Tchalitchi, ndipo Lamlungu masana mumapumako pang'ono. Lamlungu likudzali, 1 koloko, ndidzakhala pamenepo ndi thumba la mabotolo makumi anayi. Ndizidzaponya limodzilimodzi, obiriwira kwa oyera, oyera kwa ofiirira. Chonde musadzaugwire mtima. Mudzatsegule zenera, mudzanene zonse zakukhosi, m'chilankhulo cha makolo anu. Munthu wa madokotala awiri ayenera kuti ali ndi mawu amene ngakhale Bambo Zobel sawadziwa. Ndingopempha kuti mudzalankhule pang'onopang'ono, chifukwa ndizidzalemba.

Ine wanu wodzichepetsa, wophwanya malamulo mwaulemu,

Felisberto Nhantumbo

Ndinatsala pang'ono kuiwala: kalatayi mukatha kuwerenga, ndi ya mu bini ya mapepala. Tepi ndamatirayo ndi ya m'thumba lachikasu.