Tsiku limene ndinagwadira woyimbira kiriketi

Mukuseka chiyani, a Phiri? Mwaona mkonowu ukunjenjemera ndi kapu ya tiyi ndiye mukuti ndikunama? Mkono womwewu unagwedeza London yonse pa masewera a kiriketi zaka zija titangofika kumene, ndipo wotsutsa atuluke akadikire basi panja.

Ine kuponya ndinaphunzira kwathu ku Nsanje pogenda mbalame m'munda wa mapira, moti nditalowa timu ina ya ku Greenwich, mpira woyamba weniweniwo unathyola timitengo titatu tija timene womenya amatchinjiriza, n'kuwoloka mtsinje wa Thames, n'kukwera basi osalipira, n'kuzungulira msika wa ku Woolwich, n'kubwerera m'dzanja langa uli wotentha ngati mbatata yootcha. Mukumva? Azungu anavula zipewa, ena analemba makalata osiya ntchito pomwepo.

Koma vuto linalipo. Pa masewera aja, mpira ukagunda mwendo wa womenya m'malo mwa timitengo, woponya amayenera kutembenuka n'kumukalipira woyimbira ndi mawu onse, apo ayi womenyayo satuluka m'masewera. Tsono oyimbira onse anali madala a imvi, msinkhu wa malemu bambo anga. Ine mwana woleredwa, ndikalipire munthu wa imvi pagulu? Ndinkangowerama. Adani atazindikira, anasiya kumenya ndi thabwa, ankangoika miyendo, ena anabwereka miyendo kwa anzawo, wina anabwera nayo isanu, ndikulumbira, chaka chonse osatuluka ndi mmodzi yemwe.

Bwana wa timu anandiuza kuti ndikapanda kutulutsa munthu pa masewera otsiriza, kontirakiti palibe. Ndipo popanda kontirakiti, a boma oona za mapepala olowera m'dziko ku Croydon sakanalola kuti mayi a kunyumba abwere kuchokera kumudzi. Zaka zitatu ndisanawaone, abale. Mtima unkandipweteka, chakudya osalowa.

Tsikulo ndinayambira kuthamanga ku Croydon komweko kuti ndipeze liwiro, sitima ya mumsewu ndinaipitirira, nkhunda zinathothoka nthenga ndi mphepo yanga, ndipo nditaponya, mpira unakhota katatu m'malere, n'kuima kaye kuti uone bwino, kenako phaa! pa bondo la womenya. Bwalo lonse zii, kudikira kuti ndikuwe. Ndinayang'ana mdala woyimbirayo, imvi mbuu. Basi ndinapita, ndinagwada, n'kuomba m'manja katatu.

"Pepani achikulire," ndinatero chapansipansi, "ngati sindikulakwa, mnzathuyu watuluka."

Mdala uja anali atakalipiridwa moyo wake wonse, ulemu wotere anali asanaulawepo. Misozi chuchuchu, anakweza chala kutulutsa womenya uja, anakwezanso kutulutsa amene ankadikira pa benchi, anakwezanso kutulutsa dalaivala wa basi yawo, ndipo kontirakiti ndinasayina ndili chigwadire, fumbi lili m'mawondo.

Ndiye inu ana obadwira kuno, musamachite manyazi ndi ulemu wa kwanu, umatsegula zitseko zimene phokoso silingatsegule. Mukufuna umboni? Si awo akhala apowo, mayi a kunyumba, akubisa nkhope mu chitenje. Anafika, ndipo mpaka lero tili limodzi. Kungoti musawafunse kwambiri, chifukwa iwo amalimbikira kuti anayamba ndi iwo kubwera kuno ndi mapepala a unamwino, ine n'kutsatira pambuyo nditawanyamulira chikwama.