Windo Loti Fumbi Lisalowe

Kwathu ku Utale kuli windo limene aliyense wodutsa amaliyamikira. Ine ndikaliona ndimayang'ana kumbali. Ndikuuzani chifukwa chake, ndipo mukafuna kuseka sekani, poti nanenso ndinasekapo.

Amayi anga atafa ziwalo mbali imodzi, dziko lawo linangotsala bedi ndi kawindo kathabwa koyang'ana njira ya ku mjigo. Kawindoko chiswe chinali chitakadya, ndipo chotsekera chake chinali msomali wopinda. Ine mwana wawo wa ku Liwonde (ndimagulitsa m'golosale ya munthu, koma kumudzi amangoti "ali m'tauni") ndinachita nako manyazi. Amayi ankatsokomolanso, ndiye ndinagamula ndekha kuti vuto ndi fumbi.

Mmisiri ndinamufufuza ngati ndikufuna mbeta. Uyu amamwa, uyu amathawa ntchito ili pakati, uyu pulasitala wake amagwa munthu ukangoyetsemula. Mapeto ake anandilozera a Matewere a ku Balaka, amene aliyense ankati ntchito yawo ndi ya muyaya.

"Bwana, mukufuna windo lotani?" anandifunsa.

"Loti fumbi lisalowe."

"Ndiye losatsegula limenelo. Tiikemonso galasi lija la mabwana. Wam'kati amaona kunja, wakunja sangaone m'kati."

Mawu oti "mabwana" anandikomera m'khutu. Ndinavomera ndisanaganize.

Ntchito anaigwiradi, kunama ayi. Felemu yachitsulo, simenti yosaumira, galasi lonyezimira. Kathabwa kaja mlongo wanga anasonkhera moto tsiku lomwelo. Amayi, ndi pakamwa pawo popotoka paja, anangoti, "Wachita bwino, mwanawe." Ndinabwerera ku Liwonde mapewa ali m'mwamba.

Nditapitanso pakutha pa mwezi, ndinawapeza ataonda. M'mawa ndinakhala pabedi pawo, amayi a m'mudzi akupita ku mjigo. Abiti Juma, mnzawo wa amayi kuyambira pa utsikana, anafika pawindo n'kuima. Ndinati apereka moni. Iwo anatula ndowa, kukonza duku, kutembenuka uku ndi uku, kenako kuyasamula n'kuyamba kutokosa dzino, maso ndi maso ndi amayi anga. Atachoka kunabwera wina, kudzaona ngati chitenje chakhala bwino kumbuyo. Kunja kuja galasi lathu linali kalilole wa mudzi wonse.

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba (Mulungu andikhululukire). Nditacheuka ndinaona amayi atakweza dzanja lawo labwino lija, akuyesa kuitana, mawu osapyola galasi. Misozi inali ikutsikira m'khutu. Chiseko chinandithera pomwepo.

Mlongo wanga ndiye anandimasulira. Kale aliyense wopita ku mjigo ankatsamira pakawindo kaja n'kupereka moni wa m'mawa m'Chiyao kuti, "Ajimwiche uli?" Kenako nkhani: wachira ndani, mbuzi ya yani yadya nandolo wa yani. Kulowa m'nyumba kumafuna odi, mphasa ndi nthawi, pamene munthu ali ndi ndowa ndipo ana akumudikira. Pawindo panali pongodutsira. Tsopano poti sankawaona, ankangoti agona.

Ndinatenga nyundo. Mlongo wanga anandigwira mkono. "Achimwene, mvula ili pafupi. Mukaswa mutseka ndi chiyani?"

Ndinaimbira a Matewere. "Iyayi bwana, musayerekeze," anatero. "Ntchito yanga sagumula munthu wamba, mugwetsa khoma. Ndiwotcherera lotsegula, ndibwera nalo ndekha."

Podikira, ndinapeza nzeru ina (nzeru zanga mwazionatu kale). Ndinapita kwa Abiti Juma n'kuwauza kuti akamadziyang'anira pagalasi azipereka moni, chifukwa amayi amawaona bwinobwino.

"Amandiona? Zonse zija?" Anagwira pakamwa.

Nkhani inafika ku mjigo ine ndisanafike kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo amayi onse, chifukwa cha manyazi, anayamba kuzungulira kuseri kwa khola. Amayi anga anataya ngakhale nkhope zija.

A Matewere nawo, lero magetsi azima, mawa ali pa ntchito ku Nayuchi, mkuja penti sanaume. Sanali kunama, koma masiku ankapita.

Tsiku limene anabwera, windo atalimangirira panjinga, anapeza masamba atayalidwa mumsewu. Anatsika, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mpaka pakhomo pathu. Anakhala pakati pa azibambo, windo atalitsamiritsa pamtengo wa mango. Titabwerako kumanda kokaika amayi, anandiyandikira.

"Bwana, pepani kwambiri. Nanga ili, ndiliikebe?"

Ndinati aliike. Analiika bwino, ndipo limatseguka mopanda phokoso. M'chipindamo mlongo wanga amasungamo matumba a chimanga.

Zimandipweteka mpaka lero. Za mmisiri wabwino ndinafunsa anthu kuyambira ku Liwonde mpaka ku Balaka. Amene ankagona pansi pa windolo sindinawafunse kalikonse.