Lekani wakana chakudya cha m'thumba

Lolemba
Thumba lafika pa minibasi ya m'mawa. Watumiza mwana wanga Thoko kuchokera ku Lilongwe. Kunja chithunzi cha galu wonenepa akuseka. Mkati timibulu touma ngati manyi a mbuzi.
Thoko pa foni: "Amayi, ndi nyamakazi yanuyo musamavutikenso ndi moto chifukwa cha galu. Muzingotapa ndi kapu, basi."
Chimwalirireni bambo ake mwezi wathawu, galu wawo Lekani ndikumuphikira ndine. Phala la madeya, mitu ya usipa, monga ankachitira iwo. Amangonyambita pang'ono. Nthiti zayamba kuoneka.
Kuyambira lero poto wa galu apume. Chitukuko!

Lachiwiri
Kapu imodzi m'mbale. Lekani wanunkhiza, wandiyang'ana, wakagona pansi pa njinga ya malemu.
Nkhuku zamaliza zonse.
Dzinalinso likundivuta. Ndikufuula, "Lekani, idya!" ANangozo oyandikana nawo, khasu paphewa, aima panjira: "Ndileke chiyani, mayi?"

Lachitatu
Zimene ndayesa:
kunyika m'madzi ofunda. Wakana.
kuthira msuzi wa nyemba. Wanyambita msuzi, timibulu wasiya.
kubisa mkati mwa kachewere wophika. Walavula.
kutafuna ndekha pamaso pake kuti aone chitsanzo. Mayo dzino langa! Mchere mulibenso.

Lachinayi
Amayi a kumpingo abwera kudzandipepesa. Timibulu ndinaika m'mbale yoyera patebulo, kuthawitsa nkhuku. Ndikuchokera kukhitchini ndi tiyi, mbale yafika pakati.
Amayi atcheya, akunyika m'kapu: "Timabisiketi ta ku Mozambiki timalimba, koma tikukoma."
Ndangoti zikomo. Tapemphera.
Atangotuluka ndatembenuka msanga kuti ndiwauze bambo a Thoko, tiseke. Mpando uli wokha.

Lachisanu
Kwazizira, nkhungu mpaka masana. Lekani sakudzuka, ngakhale mbuzi zitalowa pabwalo.
Ndagonja, ndabwerera ku phala la madeya. Ndasefa, ndatakasa, ndaziziritsa. Nalonso wakana!
Mantha andigwira. Uyu akapitanso, pakhomo pano padzangoti zii.
Thoko: "Za galu ndamva. Nanga inuyo mwadya chiyani lero?"
Tiyi. Dzulonso tiyi. Ndamuuza kuti netiweki ikuvuta.

Loweruka
Alamu anga, mng'ono wa malemu, apatuka pochokera kumsika wa Lizulu. Atenga mafupa a mbuzi m'jumbo. Lekani wangogwedeza mchira ali chigonere.
Alamu ayang'ana mbale zonse ziwiri, ya madeya ndi ya timibulu, zili kuseri kwa khitchini.
"Mlamu, mukumuikira kuno? Achimwene ankadyera pakhonde, galu pambali pawo. Uyu chibadwire sanadyepo yekha."
Zoona. Zaka zonsezi ndinkangotula chakudya pakhonde n'kubwerera ku mapoto.
Koma mayi wamkulu ngati ine, kudya ndi galu pakhonde, msewu wonse ukuona? Anthu anena kuti maliro andisokoneza mutu. Ndakana!

Lamulungu
Ndavala kale za kutchalitchi. Pakhomo ndaima. Lekani akupuma movutika.
Ndakoleza moto. Kachewere wanga, phala lake, fupa limodzi pamwamba. Ndayala chitenje pakhonde, ndakhala pansi, mbale yake pafupi ndi phazi langa.
Sindinamuitane. Ndangoyamba kudya.
Wadzuka. Wabwera akudzandira. Wayang'ana pakamwa panga, kenako m'mbale mwake. Wadya!
Koma ndikaleka, nayenso aleka. Ndachita kuonjezera kachewere kawiri kuti amalize.
Anthu opita kutchalitchi akudutsa, akupereka moni maso ali pa galu. Ndikuyankha chakudya chili m'kamwa.
Thumba lija nkhuku zidzatha. Thoko ndimuuza mawa.
Ndiye kuti ndiziphika kawiri patsiku, ndi kudya kumene, ndifune ndisafune.
Kutchalitchi ndafika akuimba nyimbo yotulukira.