Zikomo Potisankhira Meya, Bwana

Kwa Olemekezeka Bwanamkubwa wa Chigawo,

Bwana, ndine Hipolit Zarębski, wosoka nsapato pafupi ndi msika, amene ndinali khansala mpaka Lachiwiri lapitali. Pepani pokutayitsani nthawi. Ndangoti ndithokoze, poti anzanga akuchita manyazi.

Choyamba, zikomo pothetsa khonsolo yathu kachitatu. Katatu konse makhansala tasankha a Dokotala Wodnicki kukhala meya, ndipo katatu konse mwatiwongolera moleza mtima. Ndife ouma mitu, mutikhululukire.

Chachiwiri, zikomo potitumizira a Kaputeni Rylski, msilikali wopuma ntchito, kudzatiyendetsera mzinda kuyambira pomwe munathetsa khonsolo koyamba. Munthu wakhama zedi! Sabata yoyamba anasintha mayina a misewu isanu ndi umodzi, moti wapositi akusochera mpaka lero. Mpope wa kwa ofufuta zikopa, umene a Dokotala ankafuna kukonza chifukwa ana atatu a kumeneko tawaika kale m'manda, iwo aupaka penti. Madzi akadali onunkha, koma mpopewo ukuwala, Bwana, mukanauona!

Chachitatu, zikomo poletsa msonkhano wathu wa Loweruka poopa kuti denga la holo lingatigwere. Loweruka lomwelo a chipani chanu anavina m'holomo tsiku lonse. Tasilira kulimba mtima kwawo.

Chachinayi ndi chisankho chapitachi. Wapolisi wanu anaima pambali pa bokosi loponyamo mavoti n'kunena mwaulemu, "Bambo Zarębski, tabweretsani kuno pepalalo ndione ngati mwapinda bwino." Chisamaliro chotere n'chosowa. Komanso m'kaundula ndinapeza kuti bambo anga, amene anamwalira mu 1929, anali atavota kale m'mawa, ndipo anavotera chipani chanu. Mkazi wanga Leokadia akuti, "Apongozi angawa, moyo wawo wonse kutukwana boma, akayambe kulikonda kumanda?" Ndamuuza kuti akhale chete, munthu amasintha.

Tsono pempho langa n'laling'ono. Tamva kuti chisankho china chili mu Januwale. Nsapato za anthu a muno ndimazidziwa, zambiri n'zobowoka, ndipo kuima pamzere kunja kukuzizira chonchi kutipha. Chonde, Bwana, mutitumiziretu zotsatira kukadali sabata imodzi, tizikhome pa chitseko cha tchalitchi, kuti nafenso tidziwe msanga munthu amene timamukonda.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kutupa,

Hipolit Zarębski,
Khansala wakale, mwa chifundo chanu.
Disembala, 1934.