Tsiku Limene Jenerale Anavala Bwato

Pulani yonse inabadwira pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya masese kwa Mwadzama, dzuwa likadali pamutu. Mwini pulani anali Gresham, amene anzake ankamutcha Jenerale, ngakhale yunifolomu yokhayo imene anavalapo inali ya ku pulayimale. Anali munthu wa mimba yake, mimba yokonda kutsogola n'kukafika mwiniwake akadali m'njira. Pambali pake panali Layson, wotchedwa Wayilesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Wachitatu anali Sungani, wamtali mpaka anthu anangomupatsa dzina loti Mlongoti.

Chapoteropo panakhala Brenda, mkazi wa Sunganiyo, ndi beseni lake la chinangwa chokazinga, kamwana kake Leah kali kumbuyo. Amuna akamwa amaiwala kuti mayi wogulitsa chinangwa ali ndi makutu.

"Mafana, tamverani dilu," anatero Jenerale akupukuta masese kumlomo. "Pa loji ya Mayi Maganizo pali mabwato a m'chikwama. Bwato lenileni, koma umalipinda ngati mkeka n'kulibereka kumsana. Eni ake amati kayaki. Kuli mkulu wina ku Chia akufuna limodzi loti azionetsera alendo mbalame. Tikangonyamula, basi, taphula."

"Ine ndinaliona likumangidwa," anatero Wayilesi, amene anasesako mchenga pa lojipo asanamuchotse chifukwa chotopetsa alendo ndi nkhani. "Umangolumikiza mapaipi, n'kuveka chinsalu cha lona pamwamba. Kumanga neti ya udzudzu n'kovuta kuposa pamenepo."

"Nanga mlonda?" anafunsa Sungani.

"Lachisanu masana a Sharifu amakhala kumzikiti, madamu amakhala ku boma kogula zinthu. Ife si mbava wamba zoyenda ndi akadzidzi. Komanso sitidzera kumsewu, kuli rodibuloko. Panyanja unaonapo rodibuloko iwe?"

Atatuwo anaseka, nagundanitsa zikho. Brenda anayang'ana Sungani. Jenerale ndi Wayilesi anali ana a asodzi, koma mwamuna wake anali wa kumapiri a Ntchisi, munthu wodziwira madzi m'ndowa. Nyanja ikapanda kumutenga, amutenga ndi apolisi, ndipo Leah adzakula akumva kuti atate ake anali aatali.

Lachisanu m'mawa anamupeza akumanga zingwe za nsapato.

"Bambo a Leah, nsapato zothamangira mwavalazi mukupita kuti?"

"Kukaona ganyu."

"Ganyu ya panyanja? Inuyo, amene mumatsinzina posamba kumaso?"

"Amake Leah, nkhani za amuna musamazimvetsere."

"Inu musamazikambire pafupi ndi beseni langa."

Sungani anangotuluka, akuwerama pakhomo monga mwa masiku onse. Brenda anaveka Leah kachipewa, anamubereka, anasenza beseni, nayamba kulondola chapatali.

Mabwato ankasungidwa m'kanyumba ka malata m'mphepete mwa mchenga. Jenerale anafika akutsimphina, chifukwa m'mwendo wa thalauza anabisamo chitsulo chophwanyira loko. Loko panalibe. Chitseko chinali chomangidwa ndi kachingwe ka ukonde, mfundo yake yoti ndi Leah yemwe akanamasula.

"Anthu awa satilemekeza," anadandaula Jenerale, nataya chitsulo chija.

M'katimo munali zikwama zitatu, ndipo apa ndi pamene pulani inayamba kudontha. Mbava yodziwa ntchito imatenga chikwama chapafupi n'kuliyatsa liwiro. Koma mwana wa msodzi satenga bwato asanaligogode, asanalikhalire, asanalipezere chifukwa. Anakoka zikwama zonse n'kuzikhuthulira pamchenga kuti asankhe bwino.

Lobiriwira linali la anthu awiri. Sungani atayesa kulinyamula, msana unalira.

"Ili lisiyeni, likufuna ngolo," anagamula Jenerale.

Anatsala awiri. Lachikasu linali lalifupi, lotakata, lokhala ndi mpando wofewa ndi chotsamira chake. Lofiira linali lalitali, lowonda ngati mcheni. Koma onsewo anali akadali mulu wa mapaipi ndi lona, ndipo Wayilesi anali atasakaniza kale mapaipi a ili ndi a ilo.

"Paja unati unaona likumangidwa," anatero Sungani.

"Ndinaona, koma ndinali cha uko, ndi tsache."

Brenda anatula beseni pansi pa thandala la usipa, diso limodzi kwa mwamuna wake, linalo kunjira yochokera kumzikiti. Ankayembekezera kuti alephera n'kubwerera kwawo. Anaiwala khalidwe la padoko. Kunyanja bwato silikhala nkhani ya munthu mmodzi: wina akamakoka lake, aliyense amasiya zimene akuchita n'kudzagwira, woitanidwa ndi wosaitanidwa yemwe. Asodzi amene ankasoka maukonde anayamba kufika mmodzimmodzi, patsogolo pali mkulu wina wa ndevu zoyera, a Zaidi.

"Mukutani nawo mabwato a madamu, anyamata?"

"Atituma tiwayanike, madala," anayankha Wayilesi osaphethira. "Ayamba nkhungu."

"Ndiye mukuyanika chozondoka. Paipi iyo ndi ya kumutu. Tapatseni kuno."

Posakhalitsa akuba atatu anali ataima pambali, manja m'chiuno, doko lonse likuwamangira katundu wakuba. Ena ankakoka lona, ena ankatsutsana za nthiti za bwato, ena ankangodya chinangwa cha Brenda n'kumapereka nzeru. Mabwato awiri anaima pamchenga, owala ngati a m'sitolo.

"Tsopano tiyese," anatero Jenerale. "Munthu sugula nsapato osaponda."

Palibe amene anamukumbutsa kuti sakugula.

Anayamba ndi Sungani. M'lachikasu mawondo anafika m'makutu. M'lofiira mapazi anagunda nthiti ya bwato thupi likadali panja. Anatuluka akusisita msongolo, anthu akuseka, ndipo Brenda kwa nthawi yoyamba anathokoza Mulungu chifukwa cha miyendo imene imamuthera bulangeti nyengo yozizira.

Wayilesi anakonda lachikasu. Anatsamira, natambasula manja.

"Biggie, ili ndiye bho. Mpando wake ngati wa basi ya ku Lilongwe. Ndipo silingagubuduke, taonani matako ake."

"Limenelo ndi beseni losambitsira mwana," anatero Jenerale. "Mtsogoleri amakwera lofiira. Ili likangokhudza madzi, Chia tafika."

A Zaidi anayang'ana kabowo kolowera, anayang'ana mimba, anayang'ananso kabowo.

"Mwana wanga, pamenepa anapangira munthu wodya kamodzi patsiku."

"Mimba ndi mpweya, madala."

Jenerale analowetsa miyendo, anakoka mpweya mpaka maso anatuluka, ndipo anyamata awiri anamukanikiza m'mapewa. Anatsika pang'onopang'ono, kenako anangoti phwa, ngati chitsekerero m'botolo la mafuta a nyale. Mimba ina inalowa, ina inatsala pamwamba itakhala pa lona.

"Mwaona? Landikwana ngati anachita kundiyeza telala."

Anakhala choncho kanthawi, akumwetulira, akupalasa mpweya ndi nkhafi. Kenako nkhope inasintha.

"Mwendo wachita dzanzi. Tandikwezani pang'ono."

Anamugwira m'khwapa n'kukoka. Jenerale anakwera, bwato linakwera naye. Anamutsitsa, ena anakhalira bwato, ena anakoka munthu. Chimene chinatuluka ndi malaya okha. Wina anati abweretse sopo, wina anapempha mafuta otsala m'beseni la chinangwa, a Zaidi anati angomusiya asale kudya mpaka mawa.

Brenda sanaseke nawo. Iye anali ataona kale timadontho toyera kumapeto kwa mchenga, anthu a mikanjo akuchokera kumzikiti. Pakati pawo panali wina woyenda mofulumira kuposa anzake. Kumtunda nakonso kunamveka galimoto ikulowa pa geti ya loji.

Wayilesi anaziona nayenso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anachita chinthu osalengeza. Anakokera lachikasu m'madzi n'kudumphira. Koma mantha amabwezera munthu ku zimene anazolowera. M'malo molowa n'kukhala pampando wofewa uja, anakhala pamwamba, monga amakhalira asodzi pamlomo wa bwato losema. Nkhafi ya nsonga ziwiri anaigwira ngati ya kwawo, kupalasa ndi mbali imodzi, inayo ikumumenya khutu. Kafunde kakang'ono, koti sikangagwetse ndi botolo lomwe, kanangolikhudza bwato. Wayilesi anaonetsa mapazi kumwamba. Anavuuka akufuula kuti akumira, madzi akumulekeza m'chiuno, pamene bwato linabwerera lokha kumtunda bwinobwino.

"Mlongoti," anatero Jenerale, thukuta lili kamukamu. "Gwira kumchira. Ndikankhire m'madzi, iwe ukwere kumbuyo kwanga. Changu."

Sungani anayang'ana nyanja, nawerama kuti agwire bwato.

Brenda anafika asanalikhudze. Mfundo ya chitenje anali atamasula kale ali m'njira.

"Bambo a Leah, tagwirani mwanayu, chitenje chamasuka."

Munthu akakupatsa mwana m'manja sufunsa mafunso, umalandira. Sungani analandira. Leah, amene anadzutsidwa pakati pa tulo, anatsegula kukamwa nayamba nyimbo yake, ndipo atate ake anayamba kumugwedeza okha osadziwa, akubwerera chambuyo kuchoka padzuwa. Brenda anatenga nthawi yake yonse kukutumula chitenje, kuchipinda, kuchitambasulanso.

A Sharifu anafika akupuma mwa befu, kofia ili m'manja. Mayi Maganizo anatsika kuchokera ku loji, makiyi a galimoto akadali kuchala. Anayang'ana kanyumba kotsegula, bwato lobiriwira lili mbwee pamchenga, Wayilesi akudontha madzi atagwidwa m'manja ndi asodzi awiri, ndi munthu wopanda malaya atamera m'bwato lawo lofiira.

"Mabwato anu tayanika, madamu," anatero a Zaidi monyadira. "Anyamata munawatumawa sakanatha okha."

"Ine sindinatume munthu, bambo."

Kenako anthu amene anamanga mabwato aja anayamba kubisa manja kumbuyo.

"Madamu, tingokambirana ngati anthu," anatero Jenerale. "Ine ndimangoyesa ngati lili bwino. Likuthina pang'ono m'chiuno."

"Ndimumasule, mayi?" anafunsa a Sharifu. "Tikamasula malamba a pamwambawa atuluka."

"Musiyeni momwemo mpaka apolisi afike. Chingwe chomumangira tilibe."

Jenerale ataona kuti zake zada, anatambasula dzanja n'kuloza.

"Ndiye musatenge ife tokha. Uyonso ndi wathu, wamtaliyo."

Mitu yonse inatembenuka. Pambali pa thandala panaima bambo wamtali, kachipewa ka mwana kali m'kamwa, dzanja lina likusisita kamsana, phewa lonse lili mkaka wobwezedwa.

"Uyu?" anafunsa a Sharifu. "Ndi mwanayo?"

"Analowa nawo m'bwato," anakakamira Jenerale.

"Kulowa sanalowe, tonse tinaona," anatero a Zaidi. "Ngati n'kugwira mapaipi, ndiye mumange doko lonse, muyambire ine."

Mayi Maganizo anamuyang'ana Sungani nthawi yaitali, kenako anayang'ana nsapato zake zothamangira, kenako Brenda. Brenda sanaphethire.

"Mayi, tengani banja lanu muzipita," anatero madamuwo. "Mwana akupsa ndi dzuwa."

Galimoto ya apolisi itafika, Jenerale anamunyamula ndi bwato lomwe, amuna atagwira kumutu ndi kumchira, iye ali pakati ngati mfumu yopita kukalongedwa ufumu. Anayenda ulendo wake woyamba ndi womaliza wa pa kayaki pamapewa a anthu, kulowera kumtunda. Wayilesi ankatsatira pambuyo akufotokozera wapolisi kuti vuto linali la nkhafi.

Brenda ndi Sungani anali atafika kale kunjira ya m'minda ya mpunga. Mkazi anali patsogolo, beseni lopanda kanthu pamutu, chitenje chili paphewa. Mwamuna ankabwera pambuyo mwakachetechete, Leah atagona pachifuwa pake.

"Amake Leah," anatero atayenda kamtunda ndithu. "Chitenje chija simunamangebe?"

"Sindinamange."

"Dzanjatu latopa."

"Sinthani linalo," anatero Brenda osacheuka. "Ndipo muzolowere. Lachisanu likubwerali ndi lanunso."